Tsiku limene sitima inapita ndi bambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anandiuza kuti pa tchuthi tipita kwawo ku Chizumulu. Bambo anali mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Kachebere kuno ku Mchinji, ndipo ine ndinabadwira konkuno. Madzi ambiri amene ndinkawadziwa anali a kudambo kumene tinkachapa. Ndiye munthu ndinadzitama, sukulu yonse inadziwa kuti ndikukakwera sitima ya pamadzi.

Amayi anandilongedzera madiresi onse, bulangete, ngakhale yunifolomu. Nditafunsa kuti yunifolomu ndi ya chiyani pa tchuthi, anangoti, "Tenga, mwana iwe," maso ali kumbali. Ine kupusa, ndinkayesa akufuna ndikawaonetse abale kuti ndili pa sukulu.

Chizumulu ndi kachilumba ka pakati pa nyanja, phiri la miyala, milambe ili apa ndi apo. Mudzi wa bambo unali wa nyumba zowerengeka, zoyang'ana kumadzi zonse. Kunalibe galimoto, ngakhale njinga inalibe poyenda. Anthu ake ankayankhula mokuwa ngati akukangana, poti anazolowera kuitanizana mafunde akusokosa. Paliponse pankamveka fungo la usipa wapathandala ndi chinangwa choviika. Ana anzanga ankanditcha "wakumtunda", ndipo ankafa nazo kuseka poona kondowole, nsima yawo ya chinangwa, akundimatirira m'zala.

Tinafikira kwa azakhali a Dorika, mlongo wawo wa bambo. Anali amasiye, opanda mwana, miyendo yotupa. Tsiku lachitatu anakwera nane phiri pang'onopang'ono kukandionetsa munda wa banja lathu. Tinali timinda ta chinangwa tosanjikizana ngati masitepe, kalikonse kotchingidwa ndi mpanda wa miyala.

"Munda wake womwewu?" ndinaseka. "Kwathu ku Mchinji uwu ndi wa mwana wophunzira kulima."

Azakhali sanaseke. Anati makolo athu anathawira pachilumbapo nthawi ya nkhondo, pamene anthu ankagwidwa ukapolo kumtunda. Anapezapo miyala yokhayokha. Dothi limene ndinapondapolo anachita kulisenza pamutu kuchokera m'zigwa, dengu ndi dengu. "N'chifukwa chake kuno munda sugona," anatero. "Pakasowa mwana wa pabanja woulima, mudzi umapatsa wina." Ndinangoti ndi nkhani za akuluakulu, mtima uli kunyanja kumene anzanga ankasambira.

Sitima inkabwera kamodzi pa sabata. Panalibe doko, choncho inkaima patali, anthu n'kumapitako pa maboti. Tsiku limenelo mudzi wonse unkatsikira kugombe, wolima kusiya khasu, wophika kuphula mphika. M'mawa wa tsiku lathu lobwerera, bambo anandipatsa thumba. "Thamanga kwa azakhali ako, ukatenge ufa wa kondowole wa amayi ako. Ndikudikira pompano."

Ndinathamanga. Ndinawapeza azakhali akusefa ufawo, koma kusefa kwake! Kasefa kamodzi, kupuma. Kenaka anati ndikawatungire madzi akumwa, kenaka chingwe chomangira thumba chasowa. Ndili mkati mofunafuna chingwecho, sitima inaliza hutala.

Ndinataya zonse n'kuliyatsa liwiro, miyala ikundicheka kumapazi. Pofika kugombe, boti lomaliza linali litafika kale pasitima. Ndinaona malaya oyera a bambo akukwera makwerero. Ndinakuwa mpaka mawu anatha. Sanacheuke. Ndinalowa m'madzi, ine wosadziwa kusambira, mpaka anandifika m'khosi, ndipo msodzi wina anachita kundikoka ndi kolala ya diresi.

Chimene chinandipweteka koposa sichinali sitimayo ayi. Nditayang'ana anthu pagombepo, panalibe ndi mmodzi yemwe wodabwa. Amayi ena ankangoti, "Pepa, mwana, uzolowera." Onse ankadziwa! Ana amene ndinkasewera nawo ankadziwa. Dzina langa linali litalembedwa kale pa sukulu ya pachilumbapo. Mudzi wonse unasunga chinsinsi sabata yathunthu, ukundiseka za kondowole.

Mwezi wonse sindinawayankhule azakhali. Iwo ankangondiikira mbale pamphasa n'kunena kuti, "Udane nane, koma udye." Makalata a bambo ankabwera ndi sitima, ine n'kumawasonkhezera pamoto osatsegula.

Ndinakhalako zaka zinayi. Ndinaphunzira kuviika chinangwa, kukonza mipanda ya miyala mvula ikaigumula, ndi kupalasa bwato. Ndisaname, anthu aja anali abwino. Akamakoka khoka, aliyense wogwirako chingwe ankalandira nsomba, ndipo nyumba ya amasiye sankaidumpha ngakhale pasapite munthu. Koma ubwino womwewo ndi umene unawatseka pakamwa. Kwa iwo munda wa makolo unali utapulumuka, ndipo misozi ya mwana inali chinthu chouma chokha.

Azakhali anamwalira ndili Sitandade 8. Nditasankhidwa kupita ku sekondale ndinabwerera ku Mchinji, ndipo pasanathe zaka ziwiri mudzi unapereka munda uja kwa banja lina. Zaka zanga zinayi zinapita choncho.

Ndinadzawafunsa bambo nditakula, ndili ndi ana anga, iwo atapuma ntchito. Anali pakhonde akusenda mtedza. Sindinafunse za munda, zimenezo ndinali nditazimvetsa. Ndinafunsa kuti, "Bambo, bwanji simunangondiuza?"

Anakankhira mtedzawo pambali. Kenaka anati, "Ndikanakuuza, ukanalira. Ndipo ukanalira pamaso panga, ine sindikanakwera."

Apo m'pamene ndinazindikira kuti bodza lija silinali loteteza ine. Linali loteteza iwo, kuti asaone nkhope yanga. Kundisiya ndinawakhululukira, poti ndikudziwa kulemera kwa dothi losenzedwa pamutu. Koma mawu aja akuti "ndikudikira pompano" andikanika mpaka lero. Ana anga amati ndine mayi wouma mtima, chifukwa nkhani yowawa ndimawauza maso ndi maso, n'kukhala pomwepo mpaka amalize kulira.