Uthenga wopanda juzi

Agogo anga aamuna, a Phiri a ku Kaluluma, ankanunkha utsi wa balani la fodya ngakhale Lamulungu atasamba. Nyengo youmitsa fodya ankakhala pakamwa pa ng'anjo sabata yathunthu, akusonkhezera nkhuni, maso ali psuu, khutu lili ku mapaipi otentha.

Bambo anga, mwana wawo woyamba, anali msilikali wa pamadzi ku Mangalande, m'sitima yankhondo yoyenda pansi pa nyanja. Ntchito yawo inali kuyang'anira moto wa nyukiliya woyendetsa sitimayo. Pamzere wa makuponi a fetereza agogo ankagwira aliyense pamkono: "Moto wopanda nkhuni, wopanda utsi, zaka ndi zaka osazima! Mwana wanga ameneyo!" Ine ndinkachita mantha ndi kunyada pamodzi.

Sitima ikamira, miyezi itatu zii. Tinkaloledwa kutumiza uthenga waufupi sabata iliyonse kudzera kwa akuluakulu awo, koma bambo sankatha kuyankha. Agogo aakazi ankamaliza uthenga uliwonse ndi mawu omwewo: "Uzivala juzi." Kwa iwo pansi pa madzi kunali kozizira, basi.

Agogo aakazi anamwalira fodya ali m'balani, sitima ili pansi. Abale anati bambo auzidwe, koma agogo aamuna anakana. Anatilozera bwinja la balani lakale, limene linapsa tsiku lomwe anamva za imfa ya mchimwene wawo n'kuthamanga, moto n'kuusiya.

"Langa linali balani chabe. Uyu ali ndi ana a eni pansi pa madzi. Wosonkhezera moto sasokonezedwa."

Azakhali anati ndiye tizingolembabe za juzi ngati kale. Agogo anapukusa mutu. "Kubisa ndibisa, koma kunama m'dzina la malemu ayi." Uthenga unapita wotere: "Fodya wauma bwino. Mwana akukhoza kusukulu. Samala moto."

Sitima itavuuka, bambo anaimba foni. Agogo asanatsegule n'pakamwa pomwe, bambo anafunsa, "Adada, amama munawaika liti?"

"Wakuuza ndani?"

"Masabata asanu opanda juzi."

Agogo anakhala pansi pafumbi. "Nanga moto?"

"Sindinausiye."

Apo ndi pamene agogo anagwetsa misozi yomwe anaimeza kumanda. Mpaka lero ndimazizwa nawo amuna awiriwa, mmene anamvanirana nyanja ili pakati.

Ana anga amandiseka, chifukwa uthenga uliwonse ndimaumaliza ndi juzi, ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Asekeni. Tsiku lina adzaona kuti juziyo palibe.