Nyumba Yathu Itapita pa Chikole

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anga anationetsa kuti nzeru anali nazo zosefukira. Tinkakhala ku Nkhunga, kwawo kwa mayi, nthawi ya atsamunda, ine ndili Sitandade 2. Bambo anali mkamwini, ndipo kulima mpunga ankati ndi ntchito ya anthu opanda mutu. Iwo mutu anali nawo. Anapita kwa mwini sitolo wina ku Kotakota kukakongola ndalama zogulira khoka la nsomba, ndipo atafunsidwa chikole anatchula nyumba yathu osaphethira n'komwe. Pepala lake anabwera nalo kumudzi, n'kuuza mayi kuti ndi la kalembera wa msonkho. Mayi anadinda chala. Inki inakhala pachalapo sabata yathunthu, iwo akuionetsa kuchitsime ngati mphete.

Khoka lija nsomba silinagwire, koma kudooko bambo anapezako mayi wina wa ku Kanyenda. Ankhoswe anakhala pansi pa mango, ukwati unatha. Bambo ananyamula bulangete ndi nkhwangwa, n'kutisiyira ngongole kuti tisamasungulumwe. Kubweza sanabweze ngakhale kobiri.

Mvula ili pafupi kugwa, kunatulukira kalaliki wa sitolo ija pa njinga: kabudula woyera, masokosi mpaka m'mawondo, mafuta a m'tsitsi akununkhira mudzi wonse. Anati nyumba yalandidwa, tisamuke. Mayi anati ukwati unatha kale, akafunse mwini ngongole.

“Unatha kwa ankhoswe, mayi,” anatero kalaliki. “Papepala pano mukadakondana.”

Anandipatsa pepalalo kuti ndiwerenge, poti wophunzira wa pabanjapo ndinali ine. Chomwe ndinazindikira ndi chala cha mayi basi. Mayi anangokhala pansi pakhonde, khanda lili kumsana, n'kumayang'ana denga lomwe anamwetera okha udzu.

Apo m'pamene amalume, a Yohane, anafika kuchokera kudambo, matope mpaka m'ntchafu. Sanakalipe.

“Ngongole ndi ngongole, bambo kalaliki. Za alamu anga zonse tengani. Kungoti dothi pamene yaima nyumbayi ndi la amayi athu, mkamwini sabwera ndi dothi m'thumba. Mitengo ndinadula ndine. Kumata ndi kuzira anachita mlongo wangayu.”

“Nanga mwamunayo anaikapo chiyani?”

Amalume anazungulira nyumba kawiri, pang'onopang'ono, ngati munthu wofunafuna singano.

“Chitseko. Ndi mahinjesi ake omwe, tisawanamizire.”

Kalaliki anatsegula pakamwa kuti atchule za bwalo la milandu, koma anaona kuti amuna a m'mudzi azungulira bwalo, makasu ali paphewa. Ankangochokera kumunda, musawaganizire zoipa. Iye anavomereza kuti chitsekocho chinali cha mlombwa wabwino ndithu. Amalume anamuthandiza kuzula, anamumangira panjinga ndi luzi, n'kumuuza kuti zotsalazo akatenge ku Kanyenda, ndipo akapereke moni. Munthu uja anakankha njinga mumchenga, dzuwa lili paliwombo, masokosi atatsikira m'mapazi.

Dzinja lonse pakhomo tinkatseka ndi mphasa. Mphepo inkalowa, achule ankalowa, ndipo mbuzi ina inalowa n'kudya buku langa lokhalo. Sukulu ndinasiyira zimenezo, zomwe amanena anzanga musamvere. Koma mvula siinatinyowetse, ndipo mayi anakalambira m'nyumba yomweyo. Inki sanaikhudzenso, ngakhale ya kuchipatala ankayamba aitanitsa amalume.

Masiku ano tinatukuka. Mdzukulu wanga wamkazi, wamadigiri awiri, anasainira limodzi ndi mwamuna wake ngongole ya nyumba kubanki. Mwamuna anasiya kulipira, ukwati unatha kukhoti. Ndinavala jekete n'kupita kukafunsa kuti mkamwiniyo anaikapo chiyani. Mnyamata wa kubanki anandipatsa mpando wofewa ndi madzi ozizira, n'kundionetsa mwaulemu kuti tsopano dothi nalonso limalembedwa papepala. Mdzukuluyo akugona pabalaza kwanga. M'nyumba yonse ija anatulukamo ndi makatani.