Maso a Alamu Anga a Delmer

A Delmer Hovland, alamu anga, akalambira pa giledala, kusalaza misewu ya fumbi ya kuno ku Dillon, koma mukawafunsa za ntchito amayamba kukamba za eliki, nyama zikuluzikulu zonga mphalapala zomwe zamphongo zake zimakhala ndi nyanga zanthambinthambi. Okutobala akamatha amamangirira katundu pa hatchi n'kulowa m'mapiri momwe galimoto siifika. Mfuti yawo ndi yakale, mtengo wake unachita kuda ndi thukuta. Kukamwa kwake amamatako tepi kuti chipale chisalowe, ndipo m'thumba mwawo simusowa kabotolo ka phulusa koonera kumene mphepo ikulowera. Ndi munthu wamakani, wosamva za mnzake, komabe ine ndimawakonda kuposa abale anga ena.

Chaka chatha maso anayamba kuwavuta. Iwo ankakana kwamtuwagalu, ati galasi la pamfuti ndi limene lakalamba. Tsiku lonyamuka, mlongo wanga Verna, yemwe ndi mkazi wawo, anandikokera kuseri kwa khola n'kundiuza kuti ndikawayang'anitsitse. Ngati sakuona ndidzanene, mfutiyo akaitsekera kwa mwana wawo ku Butte, za kuphiri zithere pomwepo. Ndinavomera, koma zinandinyansa. Kuchita ukazitape pa mlamu wako si ntchito yosangalatsa.

Masiku oyambirira sindinawagwire ndi kanthu. Ankaloza mapazi a nyama m'chipale, n'kumandiseka kuti ndimapuma ngati ng'ombe yokoka ngolo. Ine eliki yanga ndinapha titangofika, ndipo poti mlenje amaloledwa imodzi yokha, mfuti ndinkaisiya kumsasa. Ntchito yanga inali yoitana nyama ndi kapito kolira ngati eliki yaikazi.

M'mawa wina tinamangirira mahatchi m'munsi n'kugawana malo. A Delmer anakabisala tsidya lina la chigwa, pafupi ndi pomwe eliki zimadutsa zikamachoka kodya kupita kokagona m'nkhalango. Ine ndinakhala tsidya lino, pamwamba. Mphepo inkachokera kwa iwo kubwera kwa ine, monga mmene tinkafunira, kuti nyama zisamve fungo lathu.

Nditaliza kapito kangapo, ndinayang'ana pa magalasi oonera patali n'kuona a Delmer akugona chafufumimba, mfuti ataitsamiritsa pa chikwama. Mtima unadumpha ndi chimwemwe. Ndinatsatira kumene mfutiyo inaloza. Pakati pa timitengo ta paini panaima chinyama chofiirira, mutu uli m'nthambi. Kenako chinapukusa mchira wautali, pomwe eliki mchira wake ndi kachidule.

Anali Dutch, hatchi ya a Delmer, imene anailera okha kuyambira ili mwana. Inali itavula chingwe cha kumutu, ndipo kansalu kowala komwe timamangirira pa chingwecho kuti alenje azizindikira hatchi kanatsala komweko.

Ndinakuwa mpaka kukhosi kuwawa, koma mphepo inkandibwezera mawu kumaso. Ndinagwedeza chipewa m'mwamba, osathandiza, diso lawo linali m'galasi. Mfuti yoti ndiombe m'mwamba ndinalibe. Ndinadziponya kotsetsereka, miyala ikugumuka pansi pa mapazi, ndinagwa n'kudzuka, bondo likuchucha magazi. Nditafika pansi pa chigwa sindinkawaonanso, iwo kapena hatchi. Ndinaoloka kamtsinje n'kuyamba kukwera chokwawa, khutu likudikira kulira kwa mfuti. Ndinkawatukwana alamu anga mumtima, ndinkatukwananso Verna, uku ndikupemphera.

Ndinawapeza ali chigonere, chala chili pa chokhethemulira.

“Alamu, chotsani chala,” ndinatero, mpweya ukuthawa.

“Khala chete iwe, uithawitsa,” ananong'ona osatembenuka. “Phewa lili kuseri kwa mtengo. Ingosuntha pang'ono basi.”

“Chotsani kaye chala, ndikupempha.”

Anachotsa, akung'ung'udza kuti ndine chitsiru chosadziwa kuyenda m'tchire. Ndinaika zala kukamwa n'kuimba likhweru lomwe timaitanira mahatchi. Chinyama chija chinatulutsa mutu m'nthambi, chinalira, n'kuyamba kubwera mwachifatse. Dutch anafika mpaka pomwe tinali, anawanunkhiza a Delmer m'thumba kufuna chakudya.

A Delmer anakhala tsonga. Anatulutsa zipolopolo mumfuti chimodzichimodzi, china chinawapulumuka n'kugwera m'chipale, anachifufuza ndi dzanja osachipeza chili pafupi ndi bondo lawo. Ndinawatolera. Chisoni chinandigwira kuposa mantha aja.

Ndinayamba kuwapepesera ndekha. Ndinati mthunzi wa m'paini umanamiza aliyense, hatchi yofiirira ndi eliki zimafanana ndithu, komanso chachikulu n'choti sanaombe. Ndinati Verna sayenera kumva chilichonse, ndikangomuuza kuti nyama zinasowa chaka chino. Ndinali wokonzeka kunamiza mlongo wanga, ndipo sindikanachita nazo manyazi.

Iwo ankangosisita khosi la hatchiyo, osandiyang'ana. Patapita nthawi anatola mfuti ija n'kundipatsa, chogwirira chili kwa ine.

“Usamunamize mlongo wako,” anatero. “Nyanga ndinaziona pamutu pa hatchiyi, alamu. Ndinachita kuziwerenga.”