Graciete ndi Zidebe za Nyambo ya Shaki

Graciete analowa ntchito pafakitale yoika nsomba m'zitini ku Olhão, tauni ya m'mphepete mwa nyanja, asanamalize n'komwe sukulu. Ankadula mitu, kutumbula, kutsuka, ndipo fungo linamulowerera mpaka m'tsitsi. Ngakhale pa tsiku la ukwati wake, maluwa ali m'manja, ankadzimva yekha kununkha nsomba. Fakitale itatsekedwa anzake analira, koma iye anataya epuloni m'bini n'kuyamba kuchapira nyumba zogona alendo. Kuseri kwa nyumba yake kunadzaza zingwe, nsalu za pabedi zoyera mbee zikukupiza ndi mphepo. Mtima wake unkakhala pansi akaima pakati pa nsaluzo.

Mwamuna wake Aníbal anali msodzi. Nsomba zitayamba kusowa, anapenta boti lake, kuikamo mipando, n'kuyamba kutenga alendo kupita nawo pakati pa nyanja kukawedza shaki. Koma shaki sabwera chabe, amaitanidwa ndi fungo. Choncho ulendo ukayandikira, Aníbal ankapera nsomba zotsala kumsika, mitu ndi matumbo omwe, kusakaniza ndi madeya ndi mafuta, n'kuzisiya m'zidebe padzuwa kuti ziwole bwinobwino. Zonsezi ankachitira kudoko, chifukwa Graciete anali atamuuziratu kuti phala limenelo lisadzafike pakhomo pake.

Chilimwe china anaimba foni mnyamata wa ku Lisbon, dzina lake Duarte, amene ankafuna kutsanzikana ndi umbeta pamodzi ndi anzake asanakwatire. Ankaimba mosalekeza. Kodi shakiyo akhala wamkulu bwanji? Kodi angamupachike kudoko n'kujambulitsa naye? Aníbal ankamuuza kuti shaki amamujambula ali m'madzi kenako n'kudula chingwe, koma Duarte ankangoseka. Graciete ankamva zonsezi akusita, n'kumatsonya.

Masiku omwewo oyang'anira doko analetsa zidebe zonunkha pafupi ndi maboti. Aníbal sananene kanthu kunyumba. Anazibisa kuseri kwa thanki ya madzi ya pakhomo pawo n'kuzifunditsa lona. Ndiye Duarte anasintha tsiku la ulendo, kenako anasinthanso, uku dzuwa likuswa mtengo, phala likufufuma.

Graciete ankamva kafungo ndithu, koma ankayesa khoswe wafera m'ngalande. Tsiku lina masana akuyanika, anangomva phuu! Chivundikiro cha chidebe chimodzi chinauluka pamodzi ndi lona. Phala lotuwa, lamafuta, linawazikira nsalu zonse za chingwe choyamba, mphutsi zikuyenderera pamwamba pake, ndipo ntchentche zobiriwira zinafika ngati zachita kuitanidwa. Anathamangira pampopi n'kusanza mpaka misozi. Mayi woyandikana naye anamenyetsa windo akutukwana.

Graciete anapukuta pakamwa. Anamanga mpango pamphuno, kukweza zidebe zotsala pawilibala, n'kuyamba kukankha mumsewu. Anthu ankapatuka atagwira mphuno, agalu okha ndiwo ankamulondola. Ankadziwa kumene mwamuna wake anali: pamalo omwera khofi moyang'anizana ndi msika, akupangana za ulendo wa mawa ndi Duarte ndi anzake, omwe anafika m'mawa womwewo atavala zipewa zofanana zojambulidwa mano a shaki.

"Graciete, mkazi wanga, dikira ndifotokoze," anatero Aníbal akudzuka.

"Khalani pansi, bambo inu. Ndabweretsa katundu wanu." Anaimika wilibala pafupi ndi tebulo. "Mkwati ndi uti?"

Duarte anakweza dzanja akumwetulira. "Ndine, Dona Graciete. Mwatitengera chiyani, kamba wa paulendo?"

"Kamba wa shaki wanu," anayankha Graciete akutsegula chidebe. "Mawa mukhala nacho chimenechi tsiku lonse, boti likugwedezeka, dzuwa lili paliwombo. Wina azitunga ndi kapu n'kumathira m'madzi. Nunkhizani, muzolowere."

Mnzake wa Duarte amene ankadya keke anaibweza pomwepo pansapato zake. Wina anathawira kuchimbudzi. Mwini malo anatuluka akukuwa kuti amuthamangitsira makasitomala, pamene asodzi okalamba a patebulo lina ankaseka mpaka kutsokomola.

"Aníbal, ukavutikiranji kunyanja?" anafuula mmodzi. "Shaki weniweni umagona naye nyumba imodzi!"

Graciete sanaseke nawo. Anasiya wilibala pomwepo n'kubwerera kukanyika nsalu zake.

Ulendo unachitika, ngakhale ena mwa anyamatawo anakana kukwera. Shaki anabwera mmodzi, wamng'ono, wowonda. Duarte sanamuone, poti anali chigonere pansi m'botimo atakumbatira ndowa.

Nsalu zija Graciete anazichapa mobwerezabwereza, koma mafuta a nsomba sanachoke, ndipo nyumba imodzi yogona alendo inapereka ntchitoyo kwa mayi wina. Zimenezi zinamupweteka kuposa fungo. Aníbal anagona m'boti mpaka mvula itayamba, ndipo zidebe anazisamutsira kumunda kwa msuweni wake, kutali ndi tauni. Graciete atamulola kubwerera, Aníbal anapeza beseni ndi sopo zikumudikira pageti. Mpaka lero akachokera kunyanja amavulira malaya panja, n'kusamba aneba akuonerera. Akamaliza Graciete amatuluka, kumununkhiza m'khosi, ndipo masiku ena amamubweza kuti akasambenso.