Batani la Nangula

Lero ku Romford, kuno kudziko la azungu, kunyumba yosamalirako okalamba kumene ndimagwira ntchito, mayi ena achizungu andipempha kuti ndipukute chithunzi cha agogo awo aamuna. "Anali mkulu wa sitima yankhondo panyanja yakwanu," atero monyadira. Pajekete la mkuluyo pali mabatani achizindikiro cha nangula.

Batani lotere ndikulidziwa. Agogo anga ankalisunga m'kachitini ka fodya, ndipo Loweruka lililonse ankalikwecha ndi phulusa ndi ndimu mpaka liwale. Ine kusukulu ndinkauza aliyense kuti agogo anali kaputeni wa sitima yankhondo panyanja yakwathu.

Tsiku lina ndinawafunsa, "Agogo, sitimayo munkaiwongolera bwanji?"

Anaseka, n'kundionetsa zipsera za moto m'mikono mwawo. "Iwe, nyanjayo ine ndinkaiona? Ndinkakhala pansi m'kati mwa sitimamo, kuponya nkhuni m'ng'anjo ya injini. Batanili anandipatsa mzungu pobwerera kwawo."

Ndinawakwiyira sabata yathunthu, ngati andibera kanthu.

Lero chithunzicho ndachiyang'anitsitsa. Kumbuyo kwa mkuluyo, sitima ikufuka utsi wakuda bii.

"Mwaonapo chiyani?" afunsa mayi aja.

"Agogo anga, amayi," ndayankha. "Sakuoneka, koma utsiwo ndi wawo."