Anati Ndawathirira Mchere

Amuna anga, bambo a Tadala, anayamba ndi mutu wa kunkhongo mu Juni, tikukumba mbatatesi kudimba kwathu kufupi ndi Mayani. Anati ndi mphepo chabe. Tsiku lina akukwera chitunda thumba lili paphewa, anagwa atagwira pachifuwa, thukuta lili kamukamu m'chisanu chonse chija. Ululuwo unkawafinya ngati wina wawaponda ndi bondo, n'kutsikira kudzanja lamanzere.

Kuchipatala tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Atawayeza anapeza kuti BP yakwera koopsa, ndipo magazi sakufika bwino mumtima. Anawapatsa amlodipine, kapiritsi kamodzi m'mawa uliwonse, ndipo chifuwa chinakhala bata.

Mu Ogasiti mapazi anayamba kutupa, nsapato osalowa. Kwathu kuno mwamuna akatupa mapazi anthu safunsa kawiri. Amati ndi tsempho, kuti mkazi wayenda ndi wina n'kudzathira mchere m'ndiwo. Ine ndimakhala kwawo kwa amuna anga, ndiye akanandiikira kumbuyo ndani? Apongozi anasiya kudya ndiwo zanga. Kenako alamu anga aakulu anandipeza kukhitchini masana.

"Tchulani mwamunayo!" anakuwa.

Ndisanatsegule pakamwa khofi linali litagwa kale. Anandiguza mpaka pabwalo, kundiponda ndi jombo kumaso, mphika wa ndiwo n'kuuphwanya. Amuna anga anali chikhalire pakhonde, maso pansi. Zimenezo zinandipweteka kuposa jombo, ndipo ndikakumbukira mtima umawirabe.

Mapiritsi aja abale awo anawataya m'chimbudzi, ati matenda achikuda safuna zachizungu, n'kuyamba kumwetsa amuna anga zitsamba. Mapazi anaphwadi, mudzi wonse n'kumati mlandu wanga waonekera poyera. Anandiuza kuti ndizipita kwathu. Ndikumanga katundu ndinamva kubuula kuseri kwa nyumba. Bambo a Tadala anali akugubuduzika m'fumbi, akung'amba malaya pachifuwa, mpweya osatuluka. Abale onse anangoti kakasi. Ine yemwe uja ankanditcha hule ndi amene ndinathamangira kumsewu kukaitana njinga yamoto.

Anawagoneka m'chipatala. Ndinkagona pansi pafupi ndi bedi lawo, anamwino akubwera m'mawa ndi madzulo kudzayeza BP. Adokotala ataona diso langa lotupa anandifunsa, ndipo ndinafotokoza zonse alamu ali pomwepo. Sindinabise kanthu, ndinali nditatopa nazo.

"Kutupa mapaziko ndi kwa mapiritsi omwewa, kumachitika kwa anthu ena," anatero adokotala. "Mukanabwera tikanangochepetsa mlingo. Kuwasiya chonchi mukanaika maliro."

Alamu anangotuluka panja. Mpaka lero sanandipepese. Amuna anga ndiwo anapepesa, akulira, tsiku lotuluka.

Pano akupeza bwino. Mlingo anawachepetsera n'kuwonjezera piritsi lina, ndipo mwezi uliwonse timakayezetsa. Kudimba amapita, koma matumba sasenzanso. Mchere adokotala anati tichepetse, koma wochepawo ndimathira ndine, ndi dzanja langa, ndipo apongozi amadya.

Anzanga, mutu wosatha ndi chifuwa chofinya musazitche mphepo, pitani kuchipatala msanga. Mankhwala akakusinthani thupi, bwererani kwa amene anakupatsani mukafunse, musanaloze munthu chala. Mapazi a amuna anga anaphwa kalekale, koma diso langa lamanzere silionanso bwino.