Ovololo ya Agogo pa Siteji

Agogo anga aamuna, a Sakala, ndimawakumbukira ndi fungo la girisi ndi fumbi la thonje, fungo limene linkakakamira m'ovololo yawo yabuluu ngakhale akazi awo, ambuya, ataichapa n'kuiyanika tsiku lonse padzuwa la ku Kafue. Anachoka kum'mawa ali mnyamata kudzagwira ntchito pafakitale ya nsalu, ndipo m'mawa uliwonse huta yoitanira antchito ikalira ankatuluka akuimba mluzu, chipewa chitapendekeka, phazi lamanzere akulikoka pang'ono ngati likukana kupita. Ana onse a mumzere wathu ku Estates tinkadziwa kutsanzira kayendedwe kameneko, koma tinkachitira kuseri kwa nyumba.

Kenaka boma linasintha, makampani anayamba kugulitsidwa, salaula, zovala zakale zochokera kunja, anadzaza msika. Tsiku lina agogo anabwera kunyumba dzuwa lili pamutu, n'kukhala pampando pansi pa mtengo wamango. Anali atawachotsa ntchito pamodzi ndi anzawo ambiri. Mluzu unathera pomwepo. Ambuya anayamba kuoda tomato ndi repu ku Shimabala n'kumagulitsa pamsewu. Ife tinkapita kusukulu n'kubwerako, agogo ali pampando womwewo, akuyang'ana nkhuku. Mnzawo akadutsa n'kuwalonjera mofuula m'Chibemba kuti, “Muli shani ba Sakala?” iwo ankangokweza dzanja.

Chaka chimenecho achinyamata a tchalitchi cha Pentekosite chimene chinkapemphera m'kalasi yapasukulu anakonza sewero la nyimbo lonena za kutha kwa ntchito. Wotsogolera anali Kelvin, mwana wa aneba athu. Ndinamuona madzulo ena akunong'onezana ndi ambuya pampanda, ambuya n'kumupatsira kanthu kokulunga m'chitenge. Mwendo wa ovololo unkalendewera. Ataona kuti ndaona, ambuya anandiloza chala.

“Iwe Tisa, pakamwa pakopo.”

Loweruka la sewerolo litafika, agogo anakana kupita.

“Ine ndikaonere ana akulumphalumpha?”

“Tiyeni, bambo,” anatero ambuya akumanga duku. “Mukakhalitsa pamenepo mumera mizu, ana ayamba kukugendani kuti mugwetse mango.”

Agogo sanaseke, koma anadzuka n'kukavala jekete.

Tinapita gulu: ine, amayi, ambuya, agogo, amake Kelvin ndi ana awo, ndi mnzanga Mutinta amene ananyamula mtedza wokazinga m'thumba la shuga. Holo yochitiramo sewerolo inali itadzaza, malata akuthetheka ndi dzuwa lamasana, mkati muli fungo la thukuta, mafuta odzola ndi nsomba zokazinga za ku Chanyanya zimene amayi ena ankadya mobisa. Katani inali mashiti awiri osokerera pamodzi. Itatseguka, kiyibodi, gitala ndi ng'oma zinagunda nthawi imodzi mpaka benchi inanjenjemera pansi panga. Atsikana anatuluka atasenza mabeseni, akuimba ngati amayi apamsika olimbirana kasitomala, ndipo mmodzi ankatsanzira amake enieni amene anali atakhala kutsogolo kwathu, akuseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenge. Mutinta anatsamwa ndi mtedza.

Kenaka mnyamata wina kuseri analiza huta ndi pakamwa. Kelvin anatulukira atavala ovololo yabuluu, chipewa chitapendekeka, akuimba mluzu, akukoka phazi lamanzere.

Holo yonse inaphulika. “Ni ba Sakala! Ni ba Sakala!”

Ambuya anandigwira mkono mwamphamvu mpaka zala zawo zinandipweteka. Ndinaba diso kuyang'ana agogo. Nkhope yawo sinagwedezeke. Pasiteji Kelvin ndi anzake anayamba nyimbo ya pamakina, imene anaitola kwa makolo awo, akuivina mwaliwiro ngati kolasi yakutchalitchi.

Agogo anaimirira.

“Atate, khalani pansi,” ananong'ona amayi. Iwo sanamve. Anadutsa pakati pa mabenchi akukoka phazi lawo, ndipo kuseka kunkazima mzere ndi mzere mmene ankadutsa. Wa kiyibodi anachotsa manja. Agogo atakwera pasiteji, Kelvin anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa.

“Pepani ba shikulu, agogo athu, sitinafune kukunyozani.”

Agogo anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

“Phazi wakhoza,” anatero. “Koma nyimboyi ukuithamangitsa ngati minibasi ya ku Lusaka. Ukuthawa ndani?”

Anawomba m'manja pang'onopang'ono, kuwomba kolemera, n'kutsegula pakamwa. Mawu amene ndinali ndisanawamve kwa miyezi yambiri anadzaza holo: “Thonje lalowa, anyamata ee!”

Kumbuyo kwenikweni kunayankha mawu amodzi okalamba: “Nsalu ituluke!” Anali a Mweemba, mnzawo wa pamakina, amene tsopano ankapalasa njinga kukaoda nsomba kumtsinje. Agogo anabwereza, ndipo ulendo uno anayankha ambiri. Abambo amene tinkawaona atangokhala m'makonde anayamba kudzuka mmodzimmodzi, ena atavala masilipasi, n'kukwera pasiteji mpaka matabwa analira. Anaima mumzere monga ankaimira pantchito, manja akukoka ulusi umene panalibe, mapewa akuyendera limodzi. Wa ng'oma anagwira kagundidwe kake, gitala inalowa, azimayi anayamba nthungululu. Ambuya ankaseka ndi kulira nthawi imodzi, akundimenya pamsana ngati ndine ndalakwa.

Sewerolo silinathe mmene analikonzera. Kelvin anatiuza pambuyo pake kuti kunatsala gawo lonse la bwana wobwera ndi uthenga woipa. Mnyamata amene ankasewera bwanayo anadikira kuseri kwa mashiti atavala tayi, mpaka anatopa n'kulowa nawo mumzere.

Pobwerera dzuwa linali litapendeka, fumbi lili lofiira. Agogo anali patsogolo ndi a Mweemba, akutsutsana za amene anaipeka nyimbo ija. Kenaka agogo anatembenukira ambuya.

“Amake ana, kodi chovala changa chinayenda chokha kupita kuholo?”

“Chinatopa kukhala m'sutikesi,” anatero ambuya osaphethira. “Chinaona kuti mwini wake sakupita kulikonse.”

Agogo anaseka mpaka anaima pamsewu atagwira mawondo.

Ntchito sinabwerere. Zaka zotsatira zinali zovuta, ndipo masiku ena nshima tinkadya kamodzi. Koma agogo anasiya mpando uja. Ankathandiza ambuya kunyamula mabokosi a tomato, ndipo achinyamata akamayeserera nyimbo, iwo ankakhala pakhomo la kalasi akuwadzudzula mokondwa, ngakhale tchalitchicho sanalowe mpaka imfa yawo. Ankati, “Anandilanda makina, koma kukhosi anaiwala kusecha.”

Lero ndimakhala mu Lusaka, ndipo kukakhala sewero la nyimbo ndimatenga ana anga ndi anzawo. Kuno anthu amaonera mwaulemu, manja ali pamiyendo, kudikira mapeto kuti awombe m'manja. Ine sindinaphunzire zimenezo. Woimba akangoponya mawu ofuna woyankha, mwana wanga wamkazi amandigwira siketi n'kunong'ona kuti, “Amami, chonde.” Ndimamumvera chisoni ndithu. Kenaka ndimayankha.